Mphuno ya Siliva

Kugogodako kunkabwera masana, osati usiku monga anthu amanenera za mizukwa. Kunkabwera m'dzinja, dzuwa lili paliwombo, mphepo itaima njii, kutali kukuyamba kuda mitambo. Go! Go! Go! Katatu, kenako zii. Sipanala ankaika pansi chimene wagwira n'kudikira mawu akuti "Odi!" Mawuwo sankabwera, koma iye ankawadikirabe, ndipo panali patadutsa zaka khumi ndi chimodzi akuwadikira.

Dzina lakuti Sipanala anamupatsa ndi oyendetsa ndege, chifukwa ngakhale ku ukwati ankapita ndi sipanala m'thumba la jekete. Anali mmisiri wamkulu pa kabwalo ka ndege kaja. Kabwalo kake kanalibe zambiri: shedi imodzi ya malata, ofesi ya zipinda ziwiri, msewu wa ndege womera udzu m'ming'alu, ndi ndege zitatu zing'onozing'ono zonyamula mankhwala ndi odwala kumadera amene galimoto imayenda masiku awiri. Amisiri anzake kugogodako sankakumva. Anawafunsapo kamodzi, iwo n'kuseka kuti ndi malata akulira ndi kutentha, ndipo sanafunsenso. Kulira kwa malata iye ankakudziwa bwino. Malata sagogoda katatu n'kudikira kuti uyankhe.

Wogogoda chotero anali munthu mmodzi yekha, mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, amene ankayendetsa ndege ya injini ziwiri. Munthu wanthabwala uja asanakwere ankazungulira ndege yonse monga amachitira anzake, kugwira apa, kusuzumira apo. Koma akafika kumphuno ankaigogoda katatu n'kufuula kuti, "Odi kuno! Kodi diso lili maso?"

Diso limene ankanenalo ndi rada. M'mphuno mwa ndege zoterezi mumakhala kambale kachitsulo kamene kamatembenukira uku ndi uku, kakuponya mafunde osaoneka kutsogolo. Mafundewo akagunda madontho a mvula amabwerera, ndipo pa kagalasi kamene kali kutsogolo kwa woyendetsa pamaoneka mitundu. Kobiriwira ndi mvula yowaza, kwachikasu ndiye chenjera, kofiira usayerekeze n'komwe. Pakakhala pakuda ndiye kuti njira ili bwino. N'chifukwa chake mphuno ya ndege sikhala yachitsulo. Amaipanga ndi zinthu zopepuka zonga pulasitiki kuti mafunde azidutsa, ndipo ili ndi penti wakewake. Ukaipaka penti wosakaniza ndi fumbi la chitsulo, ngati wa siliva uja, ndiye kuti diso walimanga nsanza. Rada imayaka bwinobwino, kambale kamatembenuka, koma mvula yoyenera kuoneka yofiira imaoneka yobiriwira, ina osaoneka n'komwe.

Kuti mphuno ili ndi penti wake, Sipanala ankadziwa kuyambira kale. Kungoti m'masiku amenewo ankati ndi matama chabe a opanga ndege ofuna kuti uzigula zawo zokhazokha.

Chaka chimenecho mbalame inagunda mphuno ya ndege ya mlamu wake. Sipanala anamata bwinobwino pamene panabooka, koma penti woyenera anali asanafike, ndipo mphuno inatsala ndi chigamba chotuwa. Mlamu uja sanamupatse mpata wopuma.

"Alamu, kodi ndege yangayi yadwala zipere? Odwala akangoiona akumachira okha ndi mantha, ati bola kufera kwathu."

Tsiku ndi tsiku nyimbo inali yomweyo, mpaka Loweruka lina anthu onse ataweruka, Sipanala anatenga penti wa siliva wotsala pa mapiko n'kupopera mphuno yonse, kawiri. M'buku la ndegeyo sanalembemo kanthu. Lolemba mlamu wake anaomba m'manja ataiona.

"Ehee! Tsopano ndiye ndikuyendetsa mkwatibwi!"

Anagogoda katatu, anati odi, n'kunyamuka. Lachinayi la sabata yomweyo kunali mitambo yoyera yokuta thambo lonse, ndipo m'kati mwa mitamboyo munabisala chimvula cha mkuntho. Mlamu uja analowa pakati penipeni pa chimvulacho, ali yekha ndi makatoni a mankhwala, ndipo sanatulukemo. Zidutswa za ndege anakazitola m'minda itatu yosiyana. Mphuno ija inali itapsa.

Anthu a pabwalo anali ataiona mphuno yasiliva ija, koma ndani amafunsa mmisiri wamkulu kuti penti wamutenga m'chitini chiti? Ofufuza ngozi anawerenga buku, anapeza kuti rada inayesedwa mwezi womwewo ndipo inali yabwino. Choncho analemba kuti woyendetsa ananyalanyaza zimene makina ankamuonetsa. Sipanala anawerenga lipotilo ataimirira mu ofesi, analibweza patebulo, n'kutuluka osatsegula pakamwa. Anachita mantha, basi, palibe dzina lina. Anaopa ndende, anaopa kuchotsedwa ntchito, koma koposa zonse anaopa maso a mlongo wake.

Womwalirayo anasiya mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, woonda ndi wopepuka moti malume akewo ankamutcha Kanthenga. Mwanayo anakulira m'manja mwa Sipanala. Lamlungu lililonse Sipanala ankadya kwa mlongo wake, ndipo pakhomo paja sankagogoda, ankangokankha chitseko ngati kwake. Anthu ankamutamanda kuti malume otere ndi osowa. Matamando amenewo ankamuwotcha ngati madzi a m'ketulo.

Ndipo taonani mmene mvula imakanira kukata ikakuona litsiro: Kanthenga atakula anasankha ntchito ya bambo ake. Anaphunzira, anakhoza, n'kubwera kudzayendetsa ndege pa bwalo lomwelo. Anali woyendetsa wosamala, wosaseka pa ntchito, ndipo anali ndi lamulo lake limene ankaliuza aliyense.

"Bambo anga anaphedwa ndi matama. Galasi linawauza, iwo n'kumati akudziwa kuposa makina. Ine galasi likati pita ndimapita, likati bwerera ndimabwerera. Sindikambirana nalo."

Akanena zimenezi patebulo, mayi ake ankangoyang'ana m'mbale. Sipanala ankamwa madzi kuti chakudya chitsike.

Chaka chimene tikunenachi kampani inalandira bwana watsopano, wachinyamata, amene amisiri ankamutcha Bwana Tayi chifukwa ngakhale kutenthe chotani tayi sankavula. Bwanayu sanali woipa mtima, kungoti ankakonda zinthu zooneka bwino pa chithunzi. Anatumiza ndege ya Kanthenga kwa opaka penti a mumzinda kuti akaiveke mitundu yatsopano ya kampani. Inabwerera Lachiwiri madzulo kunja kuli mbee, Sipanala ataweruka kale.

Lachitatu m'mawa Sipanala anakankha chitseko chachikulu cha shedi, kuwala n'kulowa. Ndege inali apo, yoyera, ya mizere yabuluu. Ndipo mphuno yake inkanyezimira ngati supuni yatsopano.

Go! Go! Go!

Kugogodako kunali kusanabwerepo m'mawa. Anayandikira pang'onopang'ono, anakanda ndi chikhadabo kunsi kwa mphuno kumene sikuoneka, n'kuyang'ana chala chake padzuwa. Tifumbi ta chitsulo tinkathwanima pa chala chija, tomwe tija, ngati kuti zaka khumi ndi chimodzi zonsezo sanasambe m'manja.

Kanthenga anafika ndi chikwama chake cha mamapu, Bwana Tayi ali pambuyo akumwetulira. Ulendo unali woti anyamuke 9 koloko ndi mankhwala, n'kubwerera cha m'ma 3 koloko, nthawi yomwe mitambo ya dzinja imakhala itakwiya.

"Mwaiona, a Sipanala?" anatero bwanayo. "Masana akubwera akuluakulu a kampani kudzaijambula ikamatera."

"Chikomekome cha mkuyu, bwana. Ndege iyi lero siuluka ndi mphuno imeneyi."

Kumwetulira kwa bwana kunazima. "Yatani mphuno?"

"Penti ameneyu ali ndi chitsulo. Rada siona bwino. M'chipinda chosungira zida muli mphuno ina yakale, ndikhoza kuimanga, maola atatu basi."

"Yotuwa ija? Ya chigamba ija? Ayi, a Sipanala, musandichititse manyazi pamaso pa anthu. Opaka pentiwo ndi akatswiri, mapepala ndi awa, asayina."

"Asayina kuti apaka. Sanasayine kuti diso likuona."

Kanthenga sanakonde zokangana. Anakwera m'ndege, anayatsa magetsi, n'kudina batani loyesera rada. Pa kagalasi panatuluka mizere yonse, yobiriwira, yachikasu, yofiira, yowala bwino.

"Amalume, bwerani mudzaone nokha. Mitundu yonse ilipo."

"Batani limenelo limayesa galasi, mwanawe. Siliyesa mphuno."

"Ndiye tiyese pa mtambo weniweni."

Onse atatu anayang'ana kunja. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kamodzi koti munthu n'kulozako rada. Kanthenga anatsika akupukusa mutu, ndipo analankhula mofatsa, mwa chikondi, zimene zinapweteka kwambiri kuposa akanakalipa.

"Amalume, mwatopa. Chiyambireni ndakhala ndikukuonani, mvula ikangoyandikira mumasanduka munthu wina. Mumaima m'shedi muno ngati wina wakuitanani. Ndikudziwa kuti ndi za bambo. Koma ine si bambo. Galasi likaonetsa kofiira ndibwerera, ndalonjeza."

"Silionetsa kofiira."

"Mukudziwa bwanji? Penti wake mwamuyeza ndi chiyani, ndi chala?"

"Ndi zomwe ndikufunsa inenso," anatero Bwana Tayi. "Tipatseni umboni. Popanda umboni ndegeyi inyamuka 9 koloko."

Sipanala anayang'ana mwana wa mlongo wake. Anaona chipumi cha bambo ake, ndi kaimidwe kaja kopendekera mwendo umodzi. Njira zina zinalipo, ndipo zonse anaziona nthawi imodzi. Akanatha kukana kusayina buku, koma bwana akanaitana mmisiri wina wa chiphaso n'kusayina. Akanatha kumasula kawaya mu injini mwakabisira, koma mawa ndege ikanauluka ndithu, mphuno ili yomweyo. Umboni wokhawo umene anali nawo unali iye mwini. Akuluakulu ananena kuti mlandu suola, ndipo wake unali utafika uli wauwisi, wosanunkha n'komwe.

"Ndikudziwa chifukwa ndinachitapo," anatero.

Palibe anamva bwino, chifukwa mawu anatuluka ngati a munthu wodwala chifuwa. Anabwereza.

"Ndinachitapo. Ndege ya bambo ako. Mbalame inagunda mphuno, ine ndinamata, penti wake kunalibe. Ndinapaka wa siliva wa pamapiko, Loweruka, ndili ndekha. M'buku sindinalembe. Lachinayi lake ndi lija."

Bwana Tayi anayang'ana mapepala ake ngati muli china chatsopano, kenako anabwerera chafutambuyo mpaka kukalowa mu ofesi. Pa zonse zimene anachita chaka chimenecho, chanzeru chinali chimenechi.

Kanthenga anaima chiimire. Sanalire, sanakuwe. Anaika chikwama pansi mosamala ngati muli mazira.

"Ndiye pagalasi pawo pankaoneka chiyani?"

"Mwina kobiriwira. Mwina pakuda."

"Pakuda. Njira yabwino."

"Eya."

"Ndiye kuti anamvera makina."

"Anamvera."

"Sanali a matama."

"Matama anali nawo a pakamwa pokha. M'mwamba anali wosamala kuposa onse amene ndinawaonapo."

Mtsikanayo anayang'ana kunja, kumene mbalame zinkalira pa udzu wa msewu wa ndege. Atalankhula, mawu ake anali otsika.

"Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinapeza lipoti lija m'sutikesi ya amayi. Nditawerenga ndinakachotsa chithunzi cha bambo pakhoma la pabalaza. Linali Lamlungu. Inu munalipo."

"Ndinalipo."

"Mpando unkagwedera. Munandigwirira mpando, kuti ndisagwe."

Sipanala anaukumbukira mpandowo, wa mwendo umodzi waufupi, ndi msomali umene unatsala pakhoma mpaka lero. Anafuna kunena kuti pepani, koma mawuwo anawaona kuchepa kwake asanatuluke, ndipo anawameza.

Kanthenga anatola chikwama chake.

"Amisiri, chotsani mphunoyo. Mumange yakale ija. Mulembe m'buku."

Chibadwireni anali asanamutchulepo choncho. Sipanala anamva ngati amuvula malaya pagulu, koma anapita kukatenga zida zake.

Anagwira ntchito maola atatu osadzutsa mutu. Anamasula tizitsulo tonse tozungulira mphuno, amisiri anzake anamuthandiza kuitsitsa, osamufunsa kanthu, chifukwa shedi ya malata ilibe chinsinsi ndipo onse anali atamva. Kambale ka rada kanaonekera poyera, kakang'ono, kosalakwa. Anamanga mphuno yotuwa ya chigamba ija, analemba m'buku mzere ndi mzere, n'kusayina dzina lake lonse. Ndege yokongola ija inaoneka ngati mkwatibwi wovala nsapato za kumunda.

Itakwana 12 koloko Kanthenga anazungulira ndege yake, kugwira apa, kusuzumira apo. Atafika kumphuno anaima. Anakweza dzanja ngati akufuna kugogoda. Koma mtsikanayo sanagogode. Anangoika chikhatho pa chigamba chija kwa kanthawi, kenako anakwera n'kunyamuka, osayang'ana kumbuyo.

Masana mphepo inaima njii. Kum'mawa kunayamba kuyera mitambo yotambalala, ndipo inakuta thambo lonse monga inachitira Lachinayi lija. Akuluakulu a kampani anabwera ndi makamera awo, anamwa tiyi, anayang'ana kumwamba, n'kubwerera. Sipanala anakhala pa chitini cha mafuta pakati pa shedi, pafupi ndi mphuno yasiliva imene inali chagada pansi, akudikira kugogoda. Iyi ndiye inali nthawi yake yeniyeni. Malata analira ndi kutentha, kenako analira ndi madontho oyamba. Kugogoda sikunabwere. Zaka zonsezi ankapempha kuti kuleke, koma lero kutaleka anachita mantha kuposa kale, chifukwa sanadziwe ngati mlamu wake wakhutira kapena wapita kukadikira mwana wake kwina.

3 koloko inakwana, kunja n'kuda. Mvula inagwa yamphamvu, ya mphepo, madzi n'kulowa pansi pa chitseko. 4 koloko, nthawi imene Kanthenga anati afika, inadutsa ndege osaoneka. Wa pa wailesi mu ofesi anati wamumva kamodzi, akuti akuzungulira chakumwera, kenako mawu anadukaduka. Sipanala anatuluka n'kukaima pamvula, ndipo palibe anamuletsa.

Itatsala pang'ono kukwana 5 koloko mvula inakata, ndipo kunamveka injini ziwiri kuchokera mbali imene ndege sizichokera. Inatera pa msewu wonyowa, madzi akuthovoka m'matayala, mphuno yotuwa ija ili patsogolo. Sipanala anakhala pansi pa udzu pomwepo.

Kanthenga anatsika, anapereka buku kwa mmisiri wina, n'kubwera kudzaima pamaso pake.

"Ndi maso kunali mtambo woyera basi, wosalala," anatero. "Pagalasi panali khoma lofiira kuyambira uku mpaka uku. Ndalizungulira ola lathunthu. Ndikanapita ndi mphuno inayo ndikanalowa pakati penipeni. Ndipo akanalemba kuti mwana watengera bambo ake."

Kenako analoza galimoto yake.

"Dzukani. Kwerani galimoto."

"Tikupita kuti?"

"Mukudziwa."

Anadutsa pamsika pamene amalonda ankavundukula mapepala apulasitiki pa katundu wawo, anadutsa pa mlatho, anakhota pa sukulu. Zovala za Sipanala zinkadontha pa mpando. Atafika, Kanthenga anaimitsa galimoto kunja kwa mpanda, anazimitsa injini, koma lamba sanamasule.

"Ine sindilowa nawo. Mawu amenewa ndi anu. Amayi akhala zaka khumi ndi chimodzi akuchita manyazi ndi mwamuna wawo, osauza munthu. Mukawabwezere mwamuna wawo. Za inu ndi ine tidzaona tsiku lina, lero sindingathe."

Sipanala anatsika. Kuchokera pa geti kukafika pakhonde ndi mapazi makumi awiri okha, ndipo anali atayendapo Lamlungu lililonse. Pawindo la kukhitchini panali potsegula, wailesi ikuimba chapansipansi, mlongo wake akutsuka mbale. Dzanja lake linapita lokha pa chogwirira chitseko monga mwa masiku onse, koma linaima. Lero sanali munthu woti n'kungokankha chitseko cha nyumba imeneyi.

Anakunga zala n'kugogoda. Go! Go! Go! Anazindikira kugogodako kutatuluka kale m'dzanja lake. M'khitchini madzi anasiya kumveka. Panakhala zii, zii yemwe uja amene ankamudziwa, ndipo anamvetsa kuti mawu amene wakhala akuwadikira zaka zonsezi panalibenso wina woti awanene.

"Odi," anatero.

Kunamveka mapazi, kenako chitseko chinatseguka. Mlongo wake anaima apo akupukuta manja pa nsalu, nkhope itatuwa, koma ataona kuti ndi iye anapuma n'kuseka.

"Aa, achimwene! Mwandiopsa, ndimayesa ndani. Mwayamba liti kugogoda pakhomo pano? Taonani mmene mwanyowera. Lowani, lowani, khalani pampando."

Kumbuyo kwa mlongo wakeyo, pakhoma la pabalaza, msomali uja unali pomwepo.

"Ayi, mlongo wanga," anatero Sipanala. "Khalani pansi ndinu."